Dothi Lachikasu la kwa a Mwakalinga

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: kupita kumpoto

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene sindikambira za ku Karonga, pamene nkhani za ku Zomba ndi ku Lilongwe ndimazibwereza mpaka amayi anu kundithawa pakhonde. Lero ndilembe, popeza pepala silidula munthu mawu.

Ntchito yanga yoyamba m'boma inali ya mu labotale ya miyala ku Zomba, kutsuka mabotolo ndi kupera miyala. Nditagwira zaka zingapo anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti kumapiri a kumadzulo kwa Karonga kwafika kampani ya azungu yofufuza mwala wa yureniyamu, ndipo boma likufuna munthu wake woti akaphunzire za chitetezo cha antchito. Masiku amenewo akakusamutsa sunkafunsa kuti bwanji ine. Amayi anu anali ndi iwe Chifundo kumsana, ndipo kukampuko kunalibe nyumba za mabanja. Ndinawasiya kwa agogo anu ku Chiradzulu, ine n'kukwera basi ndi sutikesi, bulangete ndi mbaula ya palafini. Ndinafika pa Karonga fumbi lili m'makutu momwe, n'kudikiranso lole ya kampani pansi pa mtengo wa mango, osamva ngakhale liwu limodzi la zimene anthu ankalankhula.

Kampuyo inali pamtunda, kupatuka pa msewu wa ku Chitipa. Kunali matenti, tinyumba ta malata totentha ngati uvuni, ndi makina obowola pansi olira tsiku lonse. Mabwana anali awiri. Woyang'anira anthu ndi katundu anali a Gondwe, munthu wa tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala, amene khadi la chipani silinkachoka m'thumba lawo la pamtima. Wa zamiyala anali mzungu wokalamba, wowonda ngati bango, amene antchito ankamutcha Kachipewa chifukwa palibe anaonapo mutu wake. Ine anandipereka kwa Kachipewa.

Sabata yoyamba sanandilole kugwira kanthu. Anandikhazika m'kasitolo kosungiramo miyala n'kumandiphunzitsa ngati mwana wa Sande sukulu. Anati zinthu zotulutsa cheza choopsa, zimene iye ankazitcha maisotopu, zilipo zambirimbiri, ndipo kale anthu sankazisiyanitsa. Kwawoko kunali atsikana olembedwa ntchito yopaka manambala a mawotchi utoto wa rediyamu kuti aziwala mumdima. Pofuna kuti kaburashi kasongoke ankakanyambita. Patapita zaka mano anayamba kuguluka, nsagwada kuwola, ambiri n'kumwalira akadali atsikana.

"Pamenepo m'pamene tinaphunzira, Magombo," anatero Kachipewa, "kuti funso lalikulu ndi lakuti chinthucho chikalowa m'thupi chimakakhala pati, ndipo chimatuluka liti."

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, akatswiri anayamba kuika zinthu za cheza zija m'magulu monga mwa ukali wake. Ena anayamba ndi magulu atatu, kenaka anagwirizana pa anayi, ndipo akadziwa zatsopano ankazisamutsa gulu monga ankatisamutsira ife a boma. Gulu loyamba linali la zoopsetsetsa, zokakhazikika m'mafupa osatulukamo, monga rediyamu uja. Gulu lachinayi linali la zofatsa, ndipo yureniyamu wathu amene tinamudzera mtunda wonsewo anali m'menemo.

"Nanga bwana, ngati ndi wofatsa, magolovesi ndi a chiyani?" ndinafunsa ine.

"Chifukwa m'mwala sakhala yekha. Amakhala ndi ana ake, ndipo mmodzi mwa anawo ndi rediyamu. Ndi wochepetsetsa, koma alimo. Ukumbukirenso kuti magulu amenewa anapangira anthu a mu labotale, ovala makoti, osadyeramo, osagonamo."

Dzinja loyamba

Ntchito yanga inakhala yoyeza miyala yochokera m'mabowo ndi kamakina kamene kankathetheka ngati chimanga chokazinga kakayandikira mwala waukali. Ndinkasanja mabokosi, ofatsa kuno, aukali uko, kuona kuti anthu asamba m'manja asanadye, ndiponso Lolemba lililonse kuphunzitsa antchito za magulu anayi aja. Zosowa zinali zambiri. Mabatire akatha ndinkawayanika padzuwa kuti andithandizeko theka la tsiku. Sopo ankasowa, ndiye lamulo losamba m'manja linkasanduka losamba ndi phulusa. Mvula ikadula msewu tinkatha milungu tikudya nyemba zofumbwa, ndipo kalata ya amayi anu inkafika nkhani zake zitakalamba kale.

Koma chimene chinandiwawa si nyemba. Pachitseko cha kasitolo kanga panali chizindikiro chachikasu cha mapiko atatu akuda, ndipo ine ndinkatulukamo nditavala chikhoti choyera, magolovesi ndi kansalu kotseka pamphuno. Mphekesera inayenda yakuti mwamuna wolowa m'menemo sabereka. Anandipatsa dzina lakuti a Poizoni. Ndikapereka moni wa dzanja, munthu ankapeza kuti manja ake ali ndi ntchito m'thumba. Pamwamba pa izo ndinali wa boma wochokera kummwera, ndipo masiku amenewo munthu wotere ankamuyesa khutu la akuluakulu. Ndikafika pamene anthu akuseka m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka, kuseka kunkatha, wina n'kunena mwaulemu m'Chichewa kuti, "Kwatentha lero, bwana." Sindinali bwana wa munthu ine. Lamulungu ndinkachapa zovala zoyera kale kuti dzuwa lipendeke, kenaka n'kukhala pamwala kuseri kwa tenti kuwerenganso makalata akale. Ndinasungulumwa, ana anga, mpaka ndinayamba kulankhula ndi mbaula.

Amene anandichotsa pamwalapo ndi a Mwakalinga, kapitawo wa anthu okumba ngalande m'phiri. Anali bambo wamtali, wa mawu a bezi, woimba kwaya. Kwawo kunali ku Kaporo, koma madzi osefukira atawakokolera nyumba ndi mpunga anabwera kudzafuna ntchito, n'kupempha malo m'mudzi wa kumunsi kwa kampu. Tsiku lina nditamaliza phunziro la Lolemba anatsalira n'kundigwira dzanja, osati nsonga za zala koma dzanja lonse.

"Adada Magombo, imwe mukudya na njani pa Sabata?"

"Ndimadya ndekha."

"Yayi, munthu si fisi. Mubwere kunyumba. Poizoni wanuyo mumusiye ku sitolo, mubwere na njala basi."

Ndinapita. Ankakhala m'chisakasa podikira kumanga nyumba yeniyeni. Akazi awo, a Nakayange, anaphika mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, n'kundipatsanso chambiko, mkaka wowawasa wa ng'ombe zawo zimene zinapulumuka madzi aja. Anandipatsa m'mbale yomwe ankadyera eni ake, ndipo pochoka sindinaone wina akuitsuka padera. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndinali kumeneko. A Nakayange ankaseka Chinkhonde changa mpaka kugwira nthiti, akuti ndikati "ndagha" pothokoza ndimamveka ngati mbuzi yatsamwa. A Mwakalinga ankandiphunzitsa nyimbo, ine n'kumawathandiza kusenza milimo ya denga. Anthu ena ataona kuti a Mwakalinga sanafe, anayamba kundiyankha moni bwinoko. Kali kokha n'kanyama, ine ndinayambanso kukhala munthu.

Chilimwe chotsatira: nyumba yatsopano

Anandituma ku Zomba kukakonzetsa makina, ndipo ndinakhalako pafupifupi mwezi. Pobwerera ndinamva kuti nyumba yatha, abusa aipempherera kale. Lamulungu ndinatsetsereka ndi paketi ya shuga m'manja. Amayi a kumeneko ndi akatswiri pozira nyumba, ndipo amapikisana ndi mitundu ya dothi, lofiira, loyera, lakuda. Koma ya a Nakayange inaposa zonse. Makoma onse, kunja ndi m'kati momwe, anali achikasu chowala, ndipo amayi odutsa ndi mitsuko ankaima kuisirira. Mtundu umenewo ndinkaudziwa. Unali wa dothi la m'ngalande ya pamwamba pa phiri, pamene kamakina kanga kankalira kwambiri kuposa pena paliponse.

Tinakhala pakhonde. A Nakayange anali oyembekezera, mimba itaonekera ndithu. Mukudziwa kuti amayi otere amalakalaka dothi, ena la pachulu, ena la pakhoma. Tikucheza choncho ndinawaona akutembenukira kukhoma, kukanda ndi chikhadabo, n'kuponya kachibuma m'kamwa ngati munthu akudya mtedza. Anachitanso kachiwiri. Pochoka ndinatola kachibuma kogwa pansi n'kuika m'thumba.

M'mawa mwake ndinakayeza, ndipo kamakina kanalira ngati mvula padenga la malata. Ndinaitana a Mwakalinga m'kasitolo, n'kutseka chitseko kuti amve okha.

"Dothi ili munalitenga kuti, akulu?"

"Ku ngalande, pa mulu wotaya. Nkhatola matumba pachokopachoko, kumukondweretsa mama. Ni dothi lotaya, adada, sindinabe."

"Za kuba sindikunena. Ndikunena kuti nyumbayo iyenera kupalidwa yonse, ndipo amayi asagonemo mpaka itazirwanso."

Anaseka, kuyesa ndikucheza. "Si imwe mwene mukutiphunzitsa Mande iliyonse? Gulu wanu, gulu thuu, gulu fili, gulu folo. Yureniyamu gulu folo, wofatsa. Ine nkhumvetsera chomene, adada, sindigona pa phunziro."

Ankanena zoona, sankagona. Ndinawafotokozera za ana a yureniyamu, za fumbi ndi mpweya wodzaza m'nyumba yotseka, ndiponso kuti amene anakonza maguluwo sanaganizeko zoti munthu angazire nalo chipinda chogona. Ankangopukusa mutu. Pamenepo ndinanena chimene mwamuna sanena kwa mwamuna mnzake.

"Akulu, amayi kunyumba mmene alilimu, akudya dothi limenelo. Ndawaona ndi maso anga. Likupita kwa mwana."

Nkhope yawo inasintha. Kumeneko, ngakhale kwathu komwe, pakati pa mkazi wa mwini si nkhani ya mlendo.

"Mwabwera kudya, panji mwabwera kuyang'ana mkazi wane?" anafunsa motsitsa mawu. "Nyumba yapemphereredwa. Mama ali mu nyengo yake. Ine nitole khasu niyambe kupala nyumba yatsopano, wanthu adzati pachitika vichi? Ilo ni tsoka lodziitanira. Yayi. Ivi vithere muno."

Anatsegula chitseko n'kutuluka.

Masiku otsatira ndinayenda ngati wodwala malungo. Ndikakhala chete, Lamulungu langa lili pomwepo, mbale yanga ili pomwepo, mwinanso palibe chimene chingachitike. Ndikalankhula, a Mwakalinga akhoza kuchotsedwa ntchito, ndipo khomo lokhalo limene linanditsegukira m'boma lonse la Karonga litsekeka. Ndinayesa kudzinamiza kuti nkhani ya m'banja la eni siindikhudza. Koma ndikatseka maso ndinkaona chikhadabo chija pakhoma, n'kukumbukira atsikana onyambita kaburashi. Ndinayesanso kachiwiri kuwapatula a Mwakalinga kuntchito, iwo anandilambalala ngati chitsa. Pawiri sipauzirika. Ndinapita kwa Kachipewa ndi kachibuma kanga.

Anakayeza yekha.

"Bwana, kodi mwanayo afa?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa, Magombo. Mwina palibe chichitike. Mwina chidzaoneka patapita zaka zambiri, ife titaiwalika. Palibe angakuuze. Koma akanakhala mkazi wanga, sakanagonamo lero."

Ndinapempha kuti tikachite mwakachetechete, anthu ochepa, titawafotokozera eni mudzi bwinobwino. Kachipewa anavomera, koma lole ndi antchito zinali m'manja mwa a Gondwe. Iwo atamva anavula magalasi n'kutseka mawindo.

"A Magombo, mawu akuti poizoni ndisawamve kunja kwa ofesi ino. Pano pali chitukuko. Mukufuna a chipani amve kuti munthu wa boma akuyenda m'midzi kuopseza anthu? Nyumbayo ikapalidwe, dothi libwerere kuphiri. Wina akafunsa, muziti ndi katundu wa kampani. Mukawonjezera liwu limodzi, mukalifotokoza nokha kumene amafotokozera ena."

Mmenemo ndi mmene zinachitikira. Lole inafika m'mudzi dzuwa lili pamutu, ndi amuna ovala tinsalu pamphuno, makasu ndi migolo. Ine ndinali patsogolo ndi chikhoti changa choyera, kamakina kakulira m'manja. Mudzi wonse unasonkhana. Tinatulutsa mphasa, miphika ndi bedi. A Nakayange anakhala pansi pa nthochi atafunda chitenje kumutu. A Mwakalinga anaima chapatali atapinda manja, akuonerera anyamata awo omwe a kungalande akupala makoma awo. Mayi wina wachikulire anandigwira mkono wa chikhoti n'kufunsa m'Chichewa chothyokathyoka kuti m'nyumbamo mwapezeka chiyani. Ndinayang'ana a Gondwe ali m'lole, n'kuyankha kuti ndi katundu wa kampani.

Pamene anthu sanauzidwe, amadziuza okha. Ena anati a Mwakalinga anaba chuma cha boma n'kuchibisa m'makoma. Ena anati makina a mzungu agwira mankhwala oipa. Amayi anasiya kugula chambiko cha a Nakayange, ngakhale kukapala moto pakhomopo anasiya. Kachipewa anawachonderera a Gondwe kuti asawachotse ntchito a Mwakalinga, ndipo sanachotsedwe, koma mwezi utatha anatula okha pansi, n'kukusa ng'ombe zawo kubwerera ku Kaporo. Milu ya dothi kuphiri a kampani anaitchinga ndi waya. Pa phunziro la Lolemba ndinayamba kunena za ana a yureniyamu ndisananene za gulu lachinayi, koma ondimvera ankangoyang'ana pansi. Za ine chigamulo chinali chimodzi pakampu ponse, chakuti ndinadya mbalagha ya munthu kenaka n'kumugulitsa. Ndinabwerera pamwala wanga kuseri kwa tenti, ndipo ulendo uno kunali kowawa koposa, chifukwa ndinali nditalawako kukhala ndi anthu.

Chakumapeto kwa zaka zanga ku Karonga

Ndinakhalabe pakampupo mvula zina ziwiri. Kachipewa anapita kwawo atadwala chifuwa, m'malo mwake munabwera achinyamata osadziwa ndi dzina langa lomwe. Uthenga wondisamutsira ku Lilongwe utafika, ndinaona kuti sindingachoke osakaona a Mwakalinga. Ndinabwereka njinga pa Karonga n'kupalasa kupita ku Kaporo, nthawi yokolola mpunga, dambo lonse lili mbuu ndi anthu omweta. Ndinafunsira mpaka ndinapeza khomo lawo pakati pa nthochi.

Anandilandira mwaulemu, ulemu umene amapatsa munthu wa kalembera. Ananditulutsira mpando pabwalo, iwo n'kukhala patsinde la mtengo. Tinafunsana za moyo, za mvula, za ng'ombe. A Nakayange anandipatsa moni ali patali n'kubwerera kumene ankapuntha mpunga. Kenaka kuseri kwa nyumba kunatulukira kamnyamata konenepa, koyenda dzandidzandi, kakukoka chitini pachingwe. Ndinakayang'anitsitsa manja, miyendo, maso. Kanali kabwinobwino. Kanafika pafupi n'kugwira bondo langa, ndipo ndinati ndikanyamule, koma bambo ake anakaitana m'Chinkhonde, iko n'kuthamangira kwa iwo.

"Mwamuona?" anatero a Mwakalinga atamukhazika pamwendo. "Sanadwalepo, kupatula chimfine. Akudya, akuseka, akuthamangitsa nkhuku. Sono niphalireni, adada Magombo, nyumba yane munaipalira vichi?"

"Ndinaipalira chomwechi, akulu. Kuti adzakhale chonchi."

"Mukanaisiya, akanadwala?"

Ndikanatha kunama. Liwu limodzi lakuti inde likanandibwezera mnzanga, chifukwa maso awo ankalipempha liwulo. Koma ine ndinali nditaphunzira kwa munthu amene sankanena chimene sakuchidziwa.

"Sindikudziwa," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akusisita mutu wa mwanayo.

"Simukudziwa. Mama wane analira mwezi wathunthu, dzina lane linanunkha, ntchito nkhaisiya, ndipo imwe simukudziwa." Anaimirira. "Dzuwa likupita, adada. Msewu wa ku boma ni utali."

Anandiperekeza mpaka pamene nthochi zawo zinathera, monga mwa mwambo, n'kubwerera. Ndinakankha njinga mtunda ndithu ndisanakwere, chifukwa maso sankaona bwino njira.

Ndagwira ntchito ya chitetezo mpaka kupuma, ndipo ndaona kuti ikayenda bwino palibe choti uloze, chifukwa chimene unaletsa sichinachitike. Za nyumba ija ndikadafunsidwa lero ndikadachitanso chimodzimodzi, koma musayese kuti zimenezi zimatonthoza. Ndimamusowa munthu uja mpaka lero. Mwanayo ngati ali moyo ndi bambo wa ana tsopano, wocheperako pang'ono kwa iwe Chifundo, ndipo mwina akulima mpunga ku Kaporo ndi mano ake onse m'kamwa. Ndinakhala pabwalo pawo masana onse aja, koma dzina lake sanandiuze.